Masenti 10 ndi nkhope za anansi anga

Pa msika wina waukulu wa zithunzi pa intaneti, wojambula wongoyamba kumene amatha kulandira masenti 10 a ku America chithunzi chake chikagulidwa. Kuno ku Cape Town ndalama imeneyi sikwana marandi awiri, ndipo pa spaza iliyonse ya mumsewu wa Freedom Way sungagule nayo ngakhale dzira limodzi. Ndayamba ndi mtengo chifukwa anzanga ambiri muno mu Joe Slovo Park akamva kuti ndimagulitsa zithunzi kumayiko akunja, amaganiza kuti ndinatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ena amandibwereka ndalama pakati pa mwezi, ati poti ine ndimalandira madola.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndimanyamula makatoni m'nyumba ina yosungira katundu ku Montague Gardens, mtunda woti ndimayenda wapansi. Ndimachita lendi kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ina ya boma, mwa zija anamangira anthu ochokera ku Marconi Beam m'zaka za m'ma 1990. Dera lathu analitcha dzina la Joe Slovo, nduna yoona za nyumba m'boma loyamba la Nelson Mandela, yemwe anamwalira mu Januwale 1995. Lero kuseri kwa nyumba zambiri kuli tizipinda tiwiri kapena titatu, ndipo m'tizipinda timeneti mumamveka Chixhosa, Chishona, Chiswahili, Chitonga, Chiyao ndi Chichewa. Kamera yanga ndi yakale, ndinaigula mu 2021 pa msika wa kaunjika wa ku Milnerton umene umachitika Loweruka ndi Lamlungu m'mbali mwa Marine Drive.

Malonda ake amayenda motere. Pali makampani amene amasunga zithunzi mamiliyoni ochuluka, ndipo aliyense wofuna chithunzi cha pa kalendala, m'nyuzipepala kapena pa chikwangwani cha malonda amakasankha kumeneko m'malo molemba ganyu wojambula. Shutterstock inayamba mu 2003 ku New York pamene Jon Oringer anaikapo zithunzi zake pafupifupi 30,000. iStock inayamba ku Canada mu 2000 ndipo Getty Images inaigula mu 2006. Palinso Adobe Stock, imene imapereka 33 peresenti ya mtengo kwa wojambula. Ku Shutterstock, kuyambira mu Juni 2020, gawo la wojambula limayambira pa 15 peresenti n'kumakwera mpaka 40 malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa, koma pa 1 Januwale aliyense amabwereranso pansi. Wogula amalipira kamodzi n'kugwiritsa ntchito chithunzicho kwa zaka zambiri, ndipo chithunzi chomwecho chikhoza kugulidwa ndi anthu mazana osadziwana.

Ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Zimaunjikana mpaka zitakwana madola 25 kapena kuposa apo, kenako zimadutsa pa PayPal kapena Payoneer. Kuno ndalama za pa PayPal zimatuluka kudzera ku FNB, ndipo pamafunika akaunti ya kubanki ya muno m'dziko. Pamafunikanso kudzaza fomu ya msonkho ya boma la America yotchedwa W-8BEN. Kwa munthu amene mapepala ake sali bwino, ulendo umathera pomwepa kamera isanalire n'komwe. Ine ndinadikira miyezi yambiri kuti ndalama zoyamba zituluke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma bandulo ya intaneti yotumizira zithunzizo sidekha, imatha.

Aliyense wogwira kamera ku Cape Town amathamangira Table Mountain. Kuchokera kwathu kukafika kugombe la Milnerton si patali, ndipo ukaima pafupi ndi nsanja younikira zombo ya pa Woodbridge Island dzuwa likulowa, phirilo limaoneka ngati achita kulisema ndi sompho. Vuto ndi loti alendo onse a dziko lapansi anaima pamenepo kale ndi makamera a mtengo woposa malipiro anga a chaka. Zithunzi zanga za phirili zili pa intaneti, koma zili ngati njere ya mchenga wa pagombe lomwelo. Zimene zimagulidwa ndi zija ndinkaziona ngati zosafunika kujambula: manja akuwerenga makobidi, mbale ya nsima ndi usipa wochokera kumudzi, kamita ka magetsi olipiriratu, ndowa zitandandalika pampopi, foni yosweka galasi ikutumiza ndalama. M'zaka za 2022 ndi 2023, pamene kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa muno mu South Africa, kandulo yanga yoyaka pambali pa ketulo yozizira inagulidwa kangapo konse.

Kujambula ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kulemba mawu ofufuzira, amene amawatcha ma keywords. Chithunzi chilichonse chimalola mawu pafupifupi 50 a Chingerezi, ndipo wogula sangachipeze ngati mawu amene walemba sakugwirizana ndi ako. Ukamatumiza chithunzi, kompyuta imakuthandiza pokupatsa mawu amene ena anaika pa zithunzi zofanana ndi chako. Ndikatumiza chithunzi cha msewu wathu, wokhala ndi malata, mawaya a magetsi ndi zovala pachingwe, mawu obwera msanga amakhala poverty ndi slum, umphawi ndi chithando. Ndimadziwa kuti mawu amenewa ali ndi ogula, chifukwa mabungwe ndi manyuzipepala amawafufuza tsiku ndi tsiku.

Umphawi ulipodi kuno, sindingaubise. Mvula ya mu Julaye ikagwa madzi amalowa m'zipinda, ndipo mphepo ya mwera ikamawomba m'chilimwe moto wa kachipinda kamodzi umatha kunyeketsa mzere wonse. Koma zovala zili pachingwezo ndi yunifolomu za ana a sukulu ya Sinenjongo, zochapidwa usiku ndi mayi amene wabwera kuntchito atatopa. Ndikalemba mawu a umphawi okha, munthu wa ku London adzaona malata, yunifolomu sadzaiona. Choncho ndimalemba mawu a nyumba, banja, sukulu, kuchapa, Lamlungu. Chithunzi chikakhala cha madzi osefukira ndimatchula madzi osefukira, poti ndicho choona. Ndikudziwa kuti kusankha kotereku kumandichepetsera masenti.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya nkhope. Zithunzi za anthu akumwetulira, akugwira ntchito kapena akugwiritsa ntchito foni zimafunidwa kwambiri, makamaka za anthu akuda m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Kuti chithunzi cha munthu wozindikirika chigulitsidwe kwa otsatsa malonda, mwini nkhope ayenera kusaina fomu yotchedwa model release. Akasaina, wavomera kuti nkhope yake ipite kulikonse, mpaka kalekale, popanda kumufunsanso. Popanda fomuyi chithunzicho chimaloledwa m'gulu la editorial lokha, la nkhani za m'manyuzipepala ndi m'mabuku, ndipo kumeneko munthu akhoza kuonekera pansi pa mutu wa nkhani uliwonse osauzidwa.

Mlembi wa ku Durban, Shubnum Khan, anasaina fomu yotere ali pasukulu ya ukachenjede, pamene wojambula wina ankajambula anthu mwaulere. Patapita zaka, mnzake anaona nkhope yake m'nyuzipepala ya ku Canada ikulimbikitsa za anthu osamukira m'dzikolo. Atafufuza anaipezanso pa malonda a McDonald's ku China ndi pa masamba ena ambiri, kwina itapatsidwa dzina lina ngati munthu woyamikira katundu amene iye sanamugwiritsepo ntchito. Anafotokoza nkhaniyi pa Twitter mu 2018, ndipo pambuyo pake analemba buku. Uyu ndi munthu wophunzira, wodziwa Chingerezi bwino. Nanga mnansi wanga amene anasiyira sukulu Sitandade 6?

Pali mayi wina wa ku Nkhata Bay amene amakazinga mandasi pafupi ndi pokwerera mateksi. M'mawa utsi wa mafuta ukakumana ndi kuwala kwa dzuwa, nkhope yawo imakhala chithunzi chimene wojambula aliyense angachilote. Tsiku lina ndinawafotokozera zonse, ndipo fomu ija ndinawamasulira m'Chichewa mzere ndi mzere.

“Ndiye kuti, achimwene, chithunzichi chikhoza kufika kumudzi?” anafunsa.

“Chikhoza, mayi. Aliyense wa foni akhoza kuchiona.”

“Nanga apolisi?”

“Nawonso akhoza.”

Anatembenuza mandasi awiri, kenako anati: “Ana anga amadziwa kuti ndimagwira ntchito m'sitolo. Chithunzi chimene ali nacho ndinajambulitsa ku Canal Walk nditavala bwino. Jambulani manja ndi chiwaya, nkhope mundisiyire.”

Ndinajambula manja ndi chiwaya. Mawu awo anandikumbutsa chithunzi chimene chili pakhoma kwa agogo ku Ntcheu. Agogo aamuna anapita ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, boma la Kamuzu Banda lisanaimitse ulendowu mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown. M'chithunzicho avala suti, wotchi ikuonekera bwino pamkono, ndipo dzanja lina lagwira wailesi. Palibe chithunzi chawo ali pansi pa nthaka, thukuta lili kamukamu. Anasankha okha chimene akwawo aone. Munthu wa paulendo amataya zambiri, dzina lake amalitchula molakwika, ntchito amagwira imene yapezeka, koma mphamvu yosankha nkhope yotumiza kwawo imakhalabe m'manja mwake. Fomu ija imatenga mphamvu imeneyi n'kuipereka kwa munthu wosamudziwa, posinthana ndi masenti olowa m'thumba mwanga.

Si onse amene amakana. Mnyamata wina wometa tsitsi m'kontena, wa ku Mangochi, anandiuza kuti: “Jambulani basi, akulu, mwina nditchukirapo.” Ndinamuwerengera fomuyo kawiri. Ndinamuuza kuti makampani ali ndi malamulo oletsa wogula kuonetsa munthu ngati wodwala kapena wakuba, koma ngati wina ku Brazil ataphwanya lamulolo, ife a mu Joe Slovo Park sitingadziwe, ndipo titadziwa sitingalipire loya. Anaganiza kwa sabata yathunthu, n'kubwera kudzasaina. Tinapangana kuti chilichonse chimene zithunzi zake zibweretse tizigawana pakati, ndipo ndimamuonetsa pafoni pamene pamalembedwa malondawo. Mwezi wina gawo lake linakwana kugula mpweya wa foni, tinaseka tonse awiri. Iyeyu ndi yekhayo amene nkhope yake ili pa msika m'dzina langa.

Sindikunena izi ngati munthu wosasowa ndalama. Kumudzi ndili ndi mkazi ndi ana awiri, wamkulu ali ku sekondale. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza, shuga ndi sopo unakwera, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ochokera kunyumba anachuluka. Usiku ndikamayang'ana zithunzi zimene zikuyenda malonda kwa ojambula ena, ndimaona ana akuda osavala nsapato akuyang'ana kamera ndi maso aakulu. Ana otere ali pakhomo panga penipeni, amandithamangira akaona kamera, ndipo makolo ena akhoza kusaina nditawapatsa marandi 50. Ndimadziwa bwino lomwe kuchuluka kwa zimene ndikusiya. Koma ana amenewa adzakula, adzakhala ndi mafoni, ndipo tsiku lina mmodzi adzadzipeza pa chikwangwani chopemphera chithandizo cha njala m'dziko limene sanafikeko. Adzafunsa kuti anajambula ndani, ndipo adzamuuza kuti ndi amalume aja a ku Malawi a kuseri kwa nyumba.

Msika nawo ukusintha. Kuyambira mu Disembala 2022 Adobe Stock imalandira zithunzi zopangidwa ndi makina a AI, ndipo mu Januwale 2025 Getty Images ndi Shutterstock analengeza zoti akufuna kuphatikizana. Makina amapanga nkhope ya munthu wakuda amene sanabadwepo, wosafuna fomu, wopanda ana kumudzi. Mwina zimenezi zidzateteza anansi anga, mwinanso zidzamaliza timasenti tanga. Chimene ndaona n'chakuti makinawa amasokonezeka pa tinthu ting'onoting'ono: kagwiridwe ka mthiko nsima ikamalimba, kamangidwe ka chitenje pobereka mwana, mtanda wa nsima woomoledwa ndi chipande. Pamenepo ndi pamene ndimaika mphamvu zanga tsopano.

Achinyamata akandifunsa ngati ntchitoyi ili ndi phindu, ndimawauza kuti asasiye ganyu wawo. Kwa ine imalipira bandulo ndi parafini, ndipo kamodzi pa teremu imawonjezera kangachepe pa ndalama zimene ndimatumiza pa Mukuru. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo wake ndi wa udzu.

Nkhope ndimajambulabe, zambirimbiri. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi anthu amavala zovala zawo zabwino, timatsikira kugombe la Milnerton, ndipo aliyense amaima mmene akufunira, Table Mountain ili kumbuyo kwake. Amasankha okha chimene chawakomera, zotsalazo ndimafufuta iwo akuona. Mayi a mandasi aja anabwera mwezi watha atavala chilundu chatsopano ndi duku lofanana nacho. Anajambulitsa kasanu, anasankha chachitatu, ndipo tisanafike n'komwe pa Koeberg Road chinali chitafika kale ku Nkhata Bay.