Keyala yasintha, katundu watsala

Ku Maramba kuno ku Livingstone timaphunzitsa achinyamata kompyuta madzulo. Makina athu ndi akale, ndipo onse amayendera Ubuntu. Aliyense ali ndi dzina lake lolowera ndi chikwatu chake pansi pa /home, momwe amasungamo zinthu zake.

Disiki ya kompyuta imodzi itadzaza, tinaikamo yachiwiri ndi kuganiza zosamutsira anthu kumeneko. Tinayamba ndi mtsikana wina amene anali atatha masabata awiri akukonza CV ndi kalata yofunsira nchito ku loji ina pafupi ndi Mosi-oa-Tunya. Tinapanga chikwatu chatsopano, kenako tinalemba kuti: sudo usermod -d /data/wophunzira wophunzira. Kompyuta sinadandaule, ife tinatseka nkupita kukagona.

Mawa lake mtsikanayo analowa, nalemba ls. Panalibe kanthu. Kalatayo inkafunika tsiku lomwelo isanakwane 16 koloko.

"Aphunzitsi, mwandifufutira?" anafunsa motsitsa mawu. Tinangoyang'anana, thukuta lili kamukamu.

Tinatsegula /etc/passwd. Munthu aliyense ali ndi mzere wake mmenemo, wa zigawo 7, ndipo chigawo cha 6 chimanena kumene iye amakhala. Ndi chokhacho chimene -d inasintha. Titayang'ana ku /home/wophunzira, CV ija inali phee pamalo pake.

Chimene tinaiwala ndi -m, kachilembo kamene kamanyamula katundu kupita naye ku nyumba yatsopano. Tinapempha mtsikanayo kuti atuluke kaye, pakuti usermod imakana kusamutsa munthu akali mkati. Tinabwezera keyala yakale, tinachotsa chikwatu chopanda kanthu chija ndi rmdir chifukwa -m imafuna kudzipangira chake, kenako tinalembanso lamulo lija ndi -d ndi -m pamodzi. Atalowanso, pwd inaonetsa malo atsopano, ls inaonetsa zonse.

Ife a tauni ino tinayenera kudziwa zimenezi. Likulu la Northern Rhodesia linali kuno kuyambira 1911, mu 1935 linasamukira ku Lusaka. Kulengeza kokha sikukanakwanira: mafaelo a boma ndi anthu ake anayenera kunyamuka.

Kalata inapita nthawi ikalipo. Kuyambira tsiku limenelo, tisanasamutse aliyense timayamba takopera zinthu zake pa fulashi, ndipo mwini wake amakhala pambali pathu mpaka ataona yekha kuti katundu wafika.