Amene ankasainira kuti ndege inyamuke

Ndege ya asilikali isananyamuke, pamakhala munthu amene amasaina m'buku kuti ili bwino. Si woyendetsa ayi. Ndi makaniko wa ovolosi yonunkha mafuta, amene wakwawa pansi pa phiko, wasuzumira mu injini ndi tochi, wagwiragwira matayala, waona ngati pali podontha. Akasaina, ndiye kuti miyoyo ya onse okwera waisenza iyeyo. Mnzanga amene tamuika ku manda a ku Area 18 mwezi wathawu anali mmodzi wa anthu amenewa. Ine ndinagwira naye ntchito imeneyi kuyambira tili anyamata mpaka imvi zitabalalika m'mutu.

Nthambi ya ndege ya asilikali a Malawi inayamba mu 1976 ndi thandizo la dziko la West Germany. Ndege zoyamba zinali za Dornier: Do 27 ya injini imodzi ndi Do 28 ya injini ziwiri. Ife tinaphunzira ntchito ku Zomba pa ndege zimenezi, ndipo chinthu choyamba chimene anatikhomereza sichinali cha injini, chinali cha zida. Sipanala iliyonse inali ndi malo ake pa bolodi. Madzulo ikasowa imodzi, panalibe woweruka mpaka ipezeke, chifukwa sipanala yoiwalika mu injini imapha anthu. Ambiri a ife tinkatsatira lamuloli poopa akuluakulu. Malemuwa ankalitsatira chifukwa analikhulupirira. Ndinawaonapo akukana kusainira ndege pomwe bwana wa maudindo aakulu ataima pambali akuyang'ana wotchi. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bwana, mundikhululukire, iyi lero sipita," n'kubwerera pansi pa phiko.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983, bwalo lakale la m'tauni linatsalira asilikali. Ndi kumene tinadzakhala awirife. Nthawi imeneyo kuzungulira bwalolo kunali minda ndi tchire. Lero kwadzaza nyumba za mipanda, ndipo ana ambiri amene amati kwawo ndi ku Airwing sanaonepo ndege ikutera pafupi ndi kwawoko. Loweruka tikalandira malipiro tinkatsikira ku Old Town, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kugula usipa ndi nsalu za amayi ku msika, kenako kukhala pa khonde la sitolo mumsewu wa Malangalanga kumayang'ana mabasi. City Centre tinkangoidutsa, inali ya anthu a mataye a ku Capital Hill. Ku Area 10 ndi Area 43 tinkapitako pokhapokha atatituma. Ndege ikadutsa kumwamba tili pakati pa msika, mnzangayo ankatchera khutu n'kutchula kuti ndi iti, nthawi zina mpaka kunena kuti injini yakumanja ikufunika kuiona. Sankanama.

Ntchito inalipo yambiri. Ma Dornier 228 anayamba kufika chapakati pa zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi mahelikoputa a ku France monga Puma ndi Ecureuil amene tinali nawo. Kuyambira 1987, pamene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, tinkagona mochedwa n'kudzuka kusanache. Sitinali gulu lalikulu. Tinalibe ndege zoponya mabomba ngati za maiko oyandikana nafe, ndipo sitinkazifuna. Zathu zinali zonyamula anthu, katundu ndi odwala, zotera pa mabwalo afumbi a m'maboma. Dziko ngati lathuli, lalitali komanso la misewu yoduka m'dzinja, ndi ndege zotere zimene limasowa.

Kenako zinthu zinayamba kuzilala pang'onopang'ono. Zipangizo za ndege zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja zikavuta m'dziko, ndege ndiyo imayamba kudikira. Imodzi ikaima, ina imabwereka chipangizo kwa iyo, mawa chinanso, mpaka yoyamba ija imasanduka chigoba. Mu 2009 boma linagula jeti ya pulezidenti ya Falcon, ndipo mu 2013 inagulitsidwa. Nkhani ya jeti imeneyi inadya masamba ambiri a nyuzipepala, koma za ndege zopulumutsira anthu panalibe wofunsa. Mu 2019 nthambi yathu ija inakwezedwa n'kukhala Malawi Air Force, yoima payokha pambali pa asilikali a pamtunda ndi a pamadzi. Tinakondwa, ngakhale tinali titapuma kale. Koma namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kum'mwera mu Marichi 2023, anthu atatsekeredwa ndi matope ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, tinaonera pa kanema mahelikoputa ochokera ku Tanzania ndi Zambia akugwira ntchito imene kale tinkaiona ngati yathu. Tiwathokoze abale athuwa. Komabe mnzanga tsiku limenelo anazimitsa kanema osatha nkhani.

Chimene chinamupweteka koposa chinali cha pa 10 Juni 2024. Dornier 228 ya asilikali, yopangidwa mu 1987, inanyamuka ku Lumbadzi m'mawa kupita ku Mzuzu ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kuli chifunga. Inapezeka tsiku lotsatira. Anthu onse 9 anafera pomwepo, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti, Dr Saulos Chilima. Dziko lonse linalira, ndipo kunali koyenera. Ife tinkaliranso anthu atatu amene maina awo satchulidwa kawirikawiri: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani, ndi injiniya wa ndegeyo, Major Wales Aidin. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, komanso kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera linatha nthawi yake mu 2004. Nditamuwerengera zimenezi, mnzangayo anakhala chete nthawi yaitali. Ndege za mtundu umenewo anazilandira zili zatsopano, utoto ukunyezimira. Ankazidziwa ngati mmene mlimi amadziwira ng'ombe za m'khola mwake. Sanaloze munthu chala. Anangofunsa kuti batire limodzi lingagule ndalama zingati.

Maliro ake anachitikira kunyumba ya mwana wake ku Area 43. Kale msilikali akamwalira tinkakweza bokosi pa lole n'kupita nalo kumudzi, ife titakhala m'mbali, fumbi lili tolo. Kumeneko amfumu ankatilandira, adzukulu atakumba kale manda, amayi akugona m'siwa, mudzi wonse osapita kumunda. Mnzangayu kwawo ndi ku Dedza, koma ana anati bambo agone pafupi, kuti azitha kukaona manda osadikira tchuthi. Sindiwadzudzula. Kumudziko amene ankamudziwa ambiri anatsogola kale, ndipo zaka zake zambiri anazithera mu Lilongwe muno. Komabe maliro a kuseri kwa mpanda ndi ena. Panali matenti ndi mipando yobwereka, chakudya chophikidwa ndi kampani, pulogalamu yosindikiza yokhala ndi chithunzi chake, ndi mnyamata wojambula kuti achibale a ku Johannesburg aonere pa foni. Oyandikana nawo nyumba ena anangotumiza chipepeso kudzera pa foni, geti lawo osatsegula. Zonse zinali mwadongosolo, ndipo nthawi inasungidwa, chinthu chimene malemuwo akanachiyamikira.

Ife a nthawi yake tinalipo ochepa, okwana mzere umodzi wa mipando, ena ndi ndodo. Ana anayankhula za bambo wosamala banja. A mpingo anayankhula za mkulu wosajomba. Zonse zinali zoona, koma palibe anatchula ntchito ya manja ake. Mwana wake wamkulu anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, inuyo munali nawo limodzi, tayankhulaniko." Ndinaimirira ndipo ndinawauza anthu kuti m'tenti momwemo mwina munali ena amene makolo awo anakwerapo ndege imene munthu ameneyu anaisainira, ndipo anafika kwawo ali moyo osadziwa dzina lake. Ndinawauza za sipanala ndi za bwana wa wotchi uja. Kenako ndinatembenukira ku bokosi n'kunena kuti, "Achimwene, zida zonse zakwana pa bolodi. Werukani." Alamu anga, mayi wamasiyeyo, anagwedeza mutu, chifukwa mawu amenewa ankawamva madzulo ambiri.

Ku manda, asilikali achinyamata ochepa anabwera ndi yunifolomu yaudongo, mmodzi anaimba lipenga, ndipo ife okalamba tinayesetsa kuimika misana. Titaika nkhata, mmodzi wa anyamatawo anandipeza n'kunena kuti nayenso ndi makaniko wa ndege, ndipo za malemuwa sanamvepo. Si mlandu wake. Palibe buku limene linalemba maina a amene anayambitsa nthambiyi, zimene anaphunzira, ndi zimene anakana kusainira. Chipilala cha chikumbutso cha asilikali chili pafupi pomwepo, pakati pa Area 18 ndi Capital Hill, ndipo mwezi wa Novembala uliwonse akuluakulu amakaikapo nkhata, koma nzeru za ntchito sizikhala pa chipilala. Zili m'mitu ya anthu amene tikuwaika mmodzimmodzi.

Mnyamatayo anandifunsa ngati angabwere kunyumba kudzacheza. Ndamuuza kuti abwere Loweruka ndi kope, ndipo ndaitananso anzanga awiri amene adakali ndi mphamvu, wina wa injini, wina wa zamagetsi. Tiyambira pa Do 27.