Bua Tinakamuona Kumtunda

Ife obadwira kunyanja timadziyesa akatswiri pa nkhani ya nsomba. Koma ulendo wathu wa ku Kasungu mwezi wa February unatiphunzitsa kuti zina zokhudza ndiwo zathu zimachitikira kutali ndi gombe.

Titadutsa pa Madisi mu msewu wa M1, tinatsika pa mlatho wa Bua. Dziko la kumeneko ndi lachidikha, mwakuti maso amafika kutali osakumana ndi ngwazi kapena bwato. Uku ndi uku inali minda ya fodya, zigafa ndi mabani ootchera fodya, pambali pake milu ya nkhuni. Madzi a mumtsinje anali ofiira ngati thobwa la mawere.

Mtsinje umenewu umachokera m'boma la Mchinji, nudutsa m'chidikha chimenechi, kenaka nutsetsereka m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja. Kumunsi kwakeko ndi kumene mpasa umakwera kuchokera kunyanja kukaswana. Ana athu ambiri mpasa amangoumva dzina. Ndi nsomba yayitali, yoyera mbuu ngati siliva, ya banja limodzi ndi sanjika, ntchila, usipa ndi matemba. Akatswiri anailemba m'mabuku m'chaka cha 1864, ndipo masiku ano amaitcha Opsaridium microlepis. Kwina kulikonse pa dziko lapansi sipezeka, kupatula m'nyanja yathuyi ndi m'mitsinje yake.

Mpasa suikira mazira pamatope. Umafuna madzi oyera, oyenda, ndi timiyala tapansi pamene mazira amabisala napeza mpweya. Tsono mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola dothi la m'minda, dothilo limakakwirira timiyalato, mazira nkufa. Onjezerani katupe ndi maukonde otchinga pakamwa pa mtsinje, muona chifukwa chake mpasa wasowa pa msika.

Sitinachoke pamlathopo tikuloza chala alimi. Nawonso akufuna sukulu fizi ndi mchere monga ife, ndipo maukonde aja ndi athu a kunyanja. Chotilimbitsa mtima nchakuti kuyambira 2015 nkhalango ya Nkhotakota ikusamalidwa ndi bungwe la African Parks, choncho chigawo cha mtsinje chodutsa m'menemo chikutetezedwa.

Makolo athu kumbukirani za ntchila. Inali yochuluka, lero kuipeza nkwapatali. Pobwerera tinagula matemba ouma pamsewu, tikukambirana zokauza asodzi a kwathu kuti mpasa ukamakwera, aziupatsa njira.