Zidole za ku Japan ndi ana otsala kwa agogo

Kuno kumalire zinthu zimafika mocedwa, koma zikafika sizicoka msanga. Makatuni a ku Japan, amene eni ake amawacha anime, anatipeza ali okalamba kale. Ana athu akamakuwa dzina la Goku pabwalo la sukulu amayesa ndi cinthu ca dzulodzuloli, pomwe Dragon Ball inayamba kuonetsedwa pa kanema ku Japan mu 1986. M'caka cimeneco ife tinali ndi zina zoganiza. Nkhondo inali italowa m'midzi yathu, ndipo ambiri a msinkhu wanga tinakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu monga othawa kwawo, m'dziko limene linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999. Ine makatuniwa ndinawaona ndili mnyamata wa ndevu, mtendere wa 1992 utakhazikika, m'tinyumba ta vidiyo toyendera jenereta, akulankhula Cipwitikizi ca ku Brazil kapena ca ku Portugal.

Pa wailesi ya m'dera imene ndimaulutsirapo mawu, makolo amaimba foni kudandaula za zimenezi. Akuti ana asiya mbuzi zikudya cimanga ca eni, aunjikana pa foni imodzi kuonera zidole zomenyana. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Koma ndikufuna tidziwe kaye mlendo amene walowa m'nyumba zathuyu, pakuti akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ciyambi cake ndi umphawi. Mu 1963 bambo wina wojambula, Osamu Tezuka, anaika pa kanema nkhani ya Tetsuwan Atom, imene kunja imadziwika kuti Astro Boy: kamnyamata ka makina kamene katswiri wina anapanga kuti kalowe m'malo mwa mwana wake womwalira. Tezuka analonjeza cigawo catsopano sabata iliyonse, koma ndalama ndi anthu anali nazo zocepa. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo kujambula zonsezo pamanja kukanamupha. Iye anacepetsa zojambula kufika pa 8 kapena kucepera apo. Munthu akamalankhula, thupi linkaima duu, pakamwa pokha ndi pamene pankagwedera. Zithunzi za kuuluka ndi kuthamanga ankazisunga n'kumazibwereza m'zigawo zina. Mwa njira imeneyi anatulutsa zigawo 193 za zithunzi zopanda mitundu. Popeza zithunzi zinali zouma, katundu yense anagwera pa nkhani, pa nyimbo ndi pa mawu a olankhula. Ife a pa wailesi timaidziwa bwino nchito imeneyo, cifukwa tilibe cithunzi ngakhale cimodzi, koma womvera amaona zonse.

Zimene zinandigwira mtima ine si zomenyanazo, koma nkhani ziwiri zakale zimene ana a lero ambiri sazidziwa. Yoyamba ndi Heidi, ya mu 1974, ya zigawo 52. Anaitsogolera Isao Takahata, ndipo mnzake Hayao Miyazaki ndiye ankakonza maonekedwe a zithunzi. Nkhaniyi si ya ku Japan: inacokera m'buku la mayi wa ku Switzerland, Johanna Spyri. Asanayambe kujambula, anthuwa anapita okha ku Switzerland kukaona mapiri, nyumba ndi mbuzi za kumeneko. Heidi ndi mwana wamasiye amene m'bale wa mayi ake anakamusiya kwa agogo aamuna kuphiri. Atazolowera, akuweta mbuzi ndi mnzake Peter, m'bale yemwe uja anadzamutenga kupita naye ku mzinda wa Frankfurt kuti azikacezetsa Clara, mwana wa anthu olemera amene sankatha kuyenda. Kumeneko ankadya bwino ndi kuvala bwino, koma anayamba kuonda ndi kuyenda ali m'tulo cifukwa colakalaka kwawo, mpaka dokotala analamula kuti abwerere kuphiri.

Ndani wa ku Angónia amene sakudziwa mtsikana wotere? Amabwera acibale kucokera ku Tete kapena ku Beira, amati tipatseni mwanayu akaphunzire, ndipo amakathera pa kulera ana a eni. Tikamuona pa cikondwerero ca Khirisimasi atavala nsapato timati zikumuyendera. Katuni imeneyi inatenga masabata ambiri kuonetsa cinthu cimodzi cimene ife sitifunsa: mwanayo akumva bwanji usiku akagona.

Yaciwiri ndi Marco, ya mu 1976, ya Takahata yemweyo, nayonso ya zigawo 52. Inacokera m'kacigawo ka buku la mlembi wa ku Italy, Edmondo De Amicis. Marco ndi mnyamata wa ku Genova amene mayi ake anaoloka nyanja kukagwira nchito ya m'nyumba ku Argentina cifukwa pakhomo panali ngongole ndi usiwa. Poyamba makalata ankabwera, kenaka analeka. Mwanayo ananyamuka ndi kanyani kake pa phewa kukawafuna. Atafika ku Buenos Aires anapeza atasamuka, ndipo anayenda mzinda ndi mzinda, Rosario, Córdoba, mpaka ku Tucumán, kumene anawapeza ali gone, akudwala kwambiri. Mayiwo anali atataya mtima, koma ataona mwana wawo anavomera opaleshoni ndipo anacira.

Nkhani imeneyi inaliza anthu ku Portugal, ku Spain, ku maiko a Aluya ndi ku South America. Ine ndikaiganiza ndimaona mauthenga amene timawerenga pa wailesi: agogo akufunsa za mwana wawo amene anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo ndipo foni yake sikugwiranso, mayi akupempha bambo amene ali ku Moatize kuti akumbukire ana. Makolo athu anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Zimbabwe, ndipo mawu akuti mchona sitinacite kubwereka kwa wina. Lero akupita ndi amayi omwe. M'mudzi uliwonse wa m'malire muno muli a Marco, kungoti alibe sitima yokwera. Amakhala cete, amatunga madzi, amaweta ng'ombe, ndipo tikaona akulimbirana foni ya mcimwene wawo timati ndi ana aulesi. Ena mwa iwo akufuna nkhani imene mwana wosiyidwa amapambana pa mapeto. Goku nayenso, musaiwale, ndi mwana wopanda makolo amene analeredwa ndi nkhalamba kuphiri.

Mphamvu ya nkhani zotere inaoneka poyera pa mpira. Captain Tsubasa, amene ku Portugal amamudziwa kuti Oliver e Benji ndipo ku Brazil Super Campeões, anayamba ngati nkhani ya zithunzi ya Yoichi Takahashi mu 1981 n'kufika pa kanema mu 1983. Nthawi imeneyo dziko la Japan linalibe ligi ya osewera olipidwa, ndipo linali lisanapondeko ku mpikisano wa dziko lonse. Katuniyo inkaonetsa mwana wolota kukatenga cikho cimeneco. Ana anathamangira ku mabwalo. J.League inayamba mu 1993, ndipo mu 1998 Japan inasewera koyamba pa World Cup ku France. Si katuni yokha imene inacita zonsezi, koma osewera ambiri a kumeneko amaichula, ndipo ngakhale Fernando Torres ndi Andrés Iniesta a ku Spain, amene onse awiri anadzasewera ku Japan, ananena kuti ankaionera ali ana. M'mera mpoyamba.

Tsono za Dragon Ball. Mwini wake, Akira Toriyama, anaiyamba mu 1984 potengera nthano yakale ya ku China ya mfumu ya anyani. Gawo loyamba pa kanema linali ndi zigawo 153, ndipo Dragon Ball Z, kuyambira 1989 mpaka 1996, inali ndi 291. Atamwalira Toriyama pa 1 Malici 2024, ali ndi zaka 68, anthu anamulira m'maiko amene iye sanapondemo. Muli ndewu zambiri m'menemo, ndipo m'zigawo zoyambirira muli nthabwala za nkhalamba yokonda akazi zimene sindingafune kuti mwana wa zaka zisanu azione yekha. Komanso si katuni iliyonse ya ku Japan imene ili ya ana: zina anapangira akuluakulu, ndipo pa memori kadi yogula pa msika zimasakanikirana. Kholo limene likuti zonsezi ndi zidole basi, n'kusiya osayang'ana, likusiya khomo lotsegula.

Cimene cimandiwawa kwambiri ndi cilankhulo. Ku Japan mawu a Goku amalankhula ndi mayi, Masako Nozawa, wobadwa mu 1936, ndipo olankhulira makatuni kumeneko amalemekezedwa ngati oimba. Heidi atafika ku South Africa anamuika mawu a Afrikaans, ndipo ana a kumeneko anakula akumuyesa wakwawo. Ana athu onse amamva ngwazi zawo zikulankhula Cipwitikizi kapena Cingerezi. Pang'ono ndi pang'ono amaphunzira kuti munthu wolimba mtima, wanzeru, wopulumutsa anzake salankhula Cinyanja, ndipo kuti Cinyanja ndi cotumira mwana kukatunga madzi ndi comukalipira. Palibe amene amawauza zimenezi, amangozimva okha.

Komatu sikuti n'zosatheka. Tsidya linali la malire anyamata amaika mawu a Cicewa pa mafilimu a ku China ndi ku India, ndipo tinyumba ta vidiyo timadzaza, agogo omwe amaseka. Zikuonetsa kuti anthu ali ndi njala yomva nkhani m'cilankhulo cao. Ndipo taonani zimene anacita a ku Japan: anatenga nkhani ya ku Switzerland, ya ku Italy, ya ku China, n'kuzifotokoza mwa njira yao ndi ndalama zocepa. Pambuyo pake Takahata ndi Miyazaki anatsegula Studio Ghibli mu 1985, ndipo filimu ya Miyazaki, Spirited Away, yodzaza ndi mizimu ya cikhalidwe ca kwawo, inalandira mphoto ya Oscar mu 2003. Ife sitikusowa nkhani zoti tibwereke. Tili ndi Kalulu ndi Fisi, tili ndi Kamba, tili ndi mbiri ya Angoni amene anaoloka Zambezi mu 1835, tili ndi zimene anaona amayi athu pothawa nkhondo ndi ana kumsana. Cimene tikusowa ndi cizolowezi ca Tezuka: cigawo cimodzi sabata iliyonse, osaphonya, kuti mwana azidikira.

Ndili ndi mapempho awiri. Kwa inu makolo ndi agogo amene mukulera ana a anthu ali kutali: musangolanda foni. Khalani naye pansi, muone cigawo cimodzi, kenaka mumuuze kuti akufotokozereni m'Cinyanja zimene zacitika, ndani walakwa, ndipo iye akanatani. Mudzamva zimene zili mumtima mwake, zimene sanganene mutamufunsa mwacindunji za mayi ake. Kwa inu amene mumadziwa nthano, ndi aphunzitsi ndi acinyamata a mawu abwino: bwerani nazo ku mawailesi a m'madera mwanu. Tizidule m'zigawo za mphindi khumi, wina akhale Kalulu, wina Fisi, wina aziimba ng'oma, ndipo tilekeze pamene mtima uli m'mwamba kuti mawa ana afunse okha kuti wailesi ili kuti. Zojambula zidzabwera pambuyo, pakuti ana amene amajambula tsitsi la Goku kumapeto kwa makope awo manja ali nawo kale.