Kodi Chikhala Zaka Zingati Padenga Langa?

Sola imene lero tikuiona itakhazikidwa padenga la udzu, kapena itatsamiritsidwa kumpando pabwalo kuti iwothere dzuwa, ili ndi mbiri yaitali kuposa m'mene ambiri timaganizira. Kholo lake linaonetsedwa m'chaka cha 1954 ku Bell Laboratories, m'dziko la America, pamene akatswiri atatu, Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson, anapanga kachipangizo ka silikoni kamene kankasandutsa magawo 6 mwa magawo 100 alionse a mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Masiku ano sola zabwino za silikoni zimapitirira magawo 20, ndipo mtengo wake padziko lonse unatsika ndi pafupifupi magawo 90 mwa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. N'chifukwa chake yafika ngakhale kumidzi kumene mapolo a magetsi sanakafikeko.

Komabe asayansi sanakhutire, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Silikoni amachokera ku mwala woyera wotchedwa quartz, ndipo kuti amupatule pamafunika ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 2,000, kenako mafakitale odya ndalama zankhaninkhani. Sola yake ndi yolemera, ili ndi galasi, ndipo ikagwa panjinga yatha. Choncho kwa zaka zambiri akatswiri akhala akufunafuna zinthu zina zimene angazipake mopyapyala kwambiri, ngati utoto, pagalasi kapena papulasitiki, n'kumatulutsa magetsi. Ena atembenukira kumoto, kuti kutentha kwenikweniko kubale magetsi popanda injini kapena chilichonse chozungulira.

Ine ndagwira ntchito ndi makalabu a alimi kwa zaka zambiri, ndipo nkhani za kafukufuku ameneyu ndimazitsatira pa chifukwa chimodzi: chimene chapsa m'labotale ku Ulaya kapena ku China, tsiku lina chimadzafika m'manja mwa mlangizi kuti akachionetse pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Ndalama imene imaguliridwa chinthucho ndi ya mtedza, ya soya kapena ya mbuzi imene banja lagulitsa. Mawu amene amatsimikizira anthu kuti agule ndi athu. Chikafa patangotha miyezi isanu, wochipanga ali kutali, koma mlangizi amadutsa pakhomo pomwepo mlungu uliwonse. Ndipo njala ya kuwala ndi yeniyeni: kalembera wa m'chaka cha 2018 ku Malawi anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 alionse ankaunikira ndi magetsi, pamene oposa theka ankadalira matochi a mabatire.

Nkhani imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya sola za pulasitiki. Tonse timadziwa kuti magetsi sadutsa mu pulasitiki, n'chifukwa chake waya amamukuta ndi pulasitiki kuti asatigwire. Koma m'chaka cha 1977 Hideki Shirakawa wa ku Japan, pamodzi ndi Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger, anaonetsa kuti mtundu wina wa pulasitiki wotchedwa polyacetylene, ukafukizidwa ndi ayodini, yemwe uja timamumva dzina pa mchere wa m'paketi, umayamba kuyendetsa magetsi. Ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel m'chaka cha 2000. M'chaka cha 1986 Ching Tang, wa ku kampani ya Kodak, anapanga sola ya zinthu zochokera ku kaboni imene inafika gawo limodzi mwa 100. Zinali zochepa, koma zinadzutsa maloto aakulu, akuti mankhwala ogwira dzuwawo angathe kusungunulidwa ngati inki ndi kudindidwa pa mpukutu wa pulasitiki monga momwe amadindira maluwa pachitenje. Utoto wogwira ntchitowo umakhala wopyapyala kuposa tsitsi la munthu pafupifupi ka 1,000.

Maloto amenewa anafikako kuno kwathu. M'chaka cha 2009 katswiri wa ku Denmark, Frederik Krebs, ndi anzake anayesa ku Zambia nyali zopangidwa ndi sola yodindidwa chotero. Nyaliyo inali pepala la pulasitiki lokhala ndi kabatire ndi kababu: masana amaliyala padzuwa, madzulo n'kulipinda, kulumikiza m'makona, ilo n'kuimirira n'kumawala. Inali nzeru yokongola ndithu. Koma papita zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo ine sindinaionepo nyali yotere m'golosale kapena pamsika uliwonse umene ndayendako. Kampani ya Konarka ya ku America, imene inali patsogolo pa malonda a sola za pulasitiki, inagwa m'chaka cha 2012.

Vuto lake mlimi aliyense angalimvetse. Siyani ndowa ya pulasitiki padzuwa chilimwe chonse, muone m'mene imasulukira, n'kuuma, n'kuyamba kuthetheka. Mankhwala a kaboni amene amagwira dzuwa amaonongeka ndi mpweya, chinyezi ndiponso dzuwa lomwelo limene akuyenera kuligwira. Kuti akhalitse amafunika kuwatsekera m'chikuto chosalowa mpweya ngakhale pang'ono, ndipo chikutocho chimabweza mtengo umene ankafuna kuuthawa. Kafukufuku sanaime ayi. M'chaka cha 2019 gulu la Zou Yingping la ku Central South University, ku China, linatulutsa mankhwala atsopano otchedwa Y6 amene anakweza mphamvu kupitirira magawo 15, ndipo pofika 2024 malabotale ena anali atafika pa magawo 20. Nambala zimenezi n'zoona. Chimene manyuzipepala satchula kawirikawiri n'chakuti zimayezedwa pa kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo, kopangidwira m'bokosi lotsekedwa bwino, kamene sikanaonepo fumbi la mu Okutobala kapena mvula ya mu Januwale.

Tsiku lina bungwe lina linabwera kudzaonetsa nyali za dzuwa ku kalabu ina imene ndinkagwira nayo ntchito. Mnyamata wofotokoza anali wodziwa ntchito yake. Anatchula mawati, mavoti ndi maola a kuwala. Atamaliza, mayi wina wachikulire, amene anali msungichuma wa gululo, anakweza mkono n'kunena kuti: "Achimwene, zonsezo tamva. Koma chinthuchi chikhala zaka zingati padenga langa? Nanga chikafa, ndikachipereka kwa yani?" Mnyamata uja anayang'ana m'mapepala ake, koma yankho munalibe. Sindikumunena iye, anapatsidwa nambala zimene opanga amanyadira, osati zimene wogula amafuna.

Alimi a ku Malawi anakumanapo ndi zoterezi pa nkhani ya chimanga. Kwa zaka zambiri mbewu za haibulidi zinkapambana m'minda yoyesera, koma amayi ambiri ankazikana pa chakudya cha pakhomo. Maso ake anali ofewa: mumtondo ankafumbutuka n'kutayika m'madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa kuwalowa. Ena ankati alimi ndi osamva zatsopano. Zinasintha pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, mbewu zobereka kwambiri koma za maso olimbirapo, zokonoleka ngati chamakolo. Mlimi sanasinthe, chimene chinasintha ndi muyeso wa wofufuza, amene anayamba kuwerengera mtondo ndi nkhokwe, osati sikelo yokha. Kwa ine, sola za pulasitiki zikadali pa msinkhu wa haibulidi wofewa uja.

Pali phunziro linanso lochokera ku Kenya. M'zaka za m'ma 1990 mabanja ambiri akumidzi kumeneko ankagula timasola ta mawati 12 ta mtundu wopyapyala wotchedwa amorphous silicon, chifukwa tinali totsika mtengo. Mtundu umenewu uli ndi chibadwa chimene David Staebler ndi Christopher Wronski anachitulukira m'chaka cha 1977: mphamvu yake imatsika m'miyezi yoyambirira ikamaombedwa ndi dzuwa, kenako n'kukhazikika. Wopanga wachilungamo amalemba mphamvu yokhazikikayo. M'chaka cha 1999 gulu la akatswiri, ena mwa iwo Arne Jacobson ndi Daniel Kammen, linayenda m'midzi kukayeza sola zimene zinali kale pamadenga a anthu. Linapeza kuti mitundu ina inkatulutsa mphamvu yoyandikira imene inalembedwa, pamene mtundu wina sunkafika ngakhale magawo awiri mwa atatu. Pamaso zonse zinkaoneka zofanana, chikomekome cha nkhuyu. Mavuto ngati amenewa ndi amene anachititsa kuti ndondomeko ya Lighting Africa, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IFC anayambitsa m'chaka cha 2007, iike mtima pa kuyeza katundu. Kuyambira 2020 ntchito yoyezayo ikudziwika ndi dzina lakuti VeraSol, ndipo ili ndi mndandanda wa nyali ndi timasola timene tapambana mayeso. Mlangizi amene ali ndi foni ya intaneti angauone mndandandawo asanalimbikitse gulu kugula.

Tsono za magetsi ochokera kumoto. M'chaka cha 1821 Thomas Seebeck wa ku Germany anaona kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa, mbali imodzi n'kutenthedwa ina n'kukhala yozizira, pamabadwa mphamvu ya magetsi. Zipangizo zogwira ntchito motere amazitcha thermoelectric. M'zaka za m'ma 1950 ku Soviet Union ankapanga nyali za palafini zokhala ndi chipewa chotere, zimene zinkaimbitsa wailesi m'midzi yopanda magetsi. Zombo za m'mlengalenga za Voyager, zimene zinaulutsidwa m'chaka cha 1977, zakhala zikudalira njira yomweyi kwa zaka zoposa 45, popeza mulibe chozungulira choti n'kutha.

Chimene chimavutitsa akatswiri pano n'chosavuta kuchifotokoza koma chovuta kuchipeza. Pamafunika chinthu cholola magetsi kudutsa koma chokaniza kutentha, kuti mbali imodzi ikhalebe yotentha ina yozizira. Supuni yachitsulo imadutsitsa zonse ziwiri, n'chifukwa chake imaotcha dzanja ikakhalitsa mumphika. Mthiko umakaniza zonse ziwiri. Chofunidwacho chikhale supuni kwa magetsi koma mthiko kwa moto. Kuyambira m'ma 1950 chodalirika kwambiri chakhala bismuth telluride, koma chimasandutsa pafupifupi magawo 5 okha mwa 100 a kutentha, chimaonongeka moto ukafika cha m'ma madigiri 300, ndipo tellurium ndi wosowa kwambiri. Wambiri amapezeka ngati zotsalira poyenga mkuwa. M'chaka cha 2014 akatswiri a ku Northwestern University, ku America, anapeza kuti tin selenide amakaniza kutentha modabwitsa, koma amachita bwino pa moto waukulu kwambiri, ndipo ulendo wake wopita kumsika sunathe.

Apa ndipo pali kafukufuku amene ndimamulemekeza, chifukwa anatuluka m'labotale n'kulowa m'khitchini. Akatswiri a ku Trinity College Dublin, ku Ireland, mogwirizana ndi bungwe limene nthawi imeneyo linkatchedwa Concern Universal, anamangirira kachipangizo ka thermoelectric pa Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi ija imene amayi amaumba okha. Mbaula zisanu zinaperekedwa kwa mabanja m'boma la Balaka kwa masiku 80, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2014. Mabanjawo ankatha kutchaja foni ndi nyali tsiku ndi tsiku kuchokera pamoto wophikira. Koma chimene chinandigwira mtima ndi china: ofufuzawo anapeza kuti mbaulazo zinkayaka nthawi yaitali kuposa m'mene iwo ankayembekezera. Aliyense amene anadikirapo nyemba zouma kuti zipse akanawauza zimenezi, koma ubwino wake ngwakuti anapita, anayeza, ndipo analemba. Mainjiniya amene wadziwa kuti moto wa mayi wa ku Balaka suzima msanga amapanga chipangizo chosiyana ndi cha amene amangoganizira ali ku Dublin.

Nkhawa yanga pa mbaula zoterezi ndi imodzi. Chitetezo Mbaula inabwera kudzapulumutsa nkhuni. Ngati mwana ayamba kusonkha moto masana popanda mphika n'cholinga chotchaja foni ya mnansi, ndiye kuti tagula magetsi ochepa ndi mitengo yambiri. M'dziko la dzuwa ngati lathu lino, kasola kakang'ono ka silikoni kamagwira ntchito yomweyo popanda chikuni n'chimodzi chomwe. Malo enieni a mbaula ya magetsi, m'kuona kwanga, ndi masiku a mvula yamvumbi ndi madera a nkhungu, komanso usiku batire ikatha.

Dzina limene alangizi tiyembekezere kulimva kwambiri m'zaka zikubwerazi ndi perovskite. Sola yopyapyala imeneyi inayamba ndi magawo osakwana 4 m'labotale ya Tsutomu Miyasaka ku Japan m'chaka cha 2009, ndipo tsopano yapitirira 25, liwiro limene silinaonekepo. Nayonso imaopa chinyezi, ndipo mitundu yake yamphamvu kwambiri ili ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Kuchuluka kwake m'sola imodzi n'kochepa, koma ife tikudziwa kumene zinthu zakufa zimathera m'mudzi: kuseri kwa nyumba, kudzala, pafupi ndi chitsime, kapena m'manja mwa ana ngati choseweretsa. Mabatire akale a galimoto amene anthu amalumikiza ku sola akutionetsa kale zimenezi.

M'makalabu amene ndimayendera tinatsegula tsamba lina kumapeto kwa kope la banki m'khonde. Aliyense akagula nyali, sola kapena batire, mlembi amalemba dzina la katunduyo, mtengo, kumene wagula ndi tsiku. Chikafa amalembanso tsiku ndi chimene chafa. Patapita nyengo zingapo tsambalo linayamba kulankhula lokha. Sola ya silikoni yeniyeniyo siifa kawirikawiri, ndipo m'pake kuti opanga odalirika amailonjeza zaka 25. Chimene chimayamba kufa ndi batire, kenako switchi ndi polowetsa waya, ndipo zambiri mwa izi mnyamata wokonza mafoni pamsika amatha kuzikonza ngati bokosi lake lili lotsekula ndi sikuluu osati lomatidwa ndi guluu. Gulu lina, litawerenga tsamba lake, linagwirizana kuti ngongole ya m'bokosi isamaperekedwe pogulira nyali yopanda chikalata cha chitsimikizo cha zaka ziwiri, ndipo wogulitsa akabwera, msungichuma amayamba wapempha kuona pamene pali masikuluu.