Kapu Yomanga Kachingwe

Kuno ku Chilumba matenda amene tinakula tikuwaopa anali khate. Anthu a bungwe lolimbana ndi khate la LEPRA atayamba ntchito yawo kuno mu 1979, ankayenda khomo ndi khomo kuyang'ana mawanga pakhungu. Ena ankawabaya chala, magazi n'kuwadonthezera pakapepala, n'kuumitsa, n'kukasunga. Dzina loti Edzi tinali tisanalimvepo. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anadziwika mu 1985.

Patapita zaka, akatswiri anabwerera ku timapepala tija, ndipo anapeza kuti magazi ena otengedwa mu 1982 anali kale ndi zizindikiro za HIV. Nkhaniyi ndamva ena akuipotoza, amvekere, "Mwaona, kachilomboka kamakhala zaka m'magazi ouma." Ayi ndithu, ana anga. Chimene anapeza chili ngati mapazi a fisi pamchenga kutacha: mapazi alipo, mwini wake palibe. Anapeza asilikali amene thupi linapanga polimbana nako, ndi tizidutswa take totsalira, zomwe sizingadwalitse munthu.

Kunja kwa thupi kachilomboka n'kofooka kwambiri. Magazi akangouma, pakatha maola ochepa mphamvu yake yopatsira imatsika ndi magawo 90 mpaka 99 pa 100 alionse, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno kumangofulumizitsa. Sopo ndi jiki zimakamaliza. Pamene kamalimba ndi m'kati mwa jakisoni, magazi akatsaliramo osauma. Mmenemo kamatha milungu, ndipo pamalo ozizira anakapezapo kadakali ndi moyo patatha masiku 42.

Zimenezi zikanafika m'midzi msanga, anthu ambiri akanadwala mwaulemu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akuluakulu awiri pa 100 alionse m'boma lino la Karonga anali ndi kachilomboka; pomafika kumapeto kwa m'ma 1990 anali 13. Maliro ankachita kulandizana, makasu osauma dothi.

Ndimakumbukira mnyamata wa pakhomo loyandikana nafe, amene anabwera kuchokera kumalire a Songwe ataonda, tsitsi litapyapyala. Amayi ake ankamukonda, zimenezo n'zosakayikitsa. Koma anam'patsa mbale yakeyake, ndipo kapu yake anaimanga kachingwe kofiira pachogwirira kuti ana asamwere. Ankaitsukira payokha, kuseri kwa khitchini. Nsima ankamuikira pakhomo, iye n'kumamva abale ake akudyera pamodzi pakhonde, kambale ka usipa kakuzungulira. Tsiku lina nditapita kukamuzonda anandifunsa motsitsa mawu, "Amama, kodi ndikununkha?" Sankanunkha. Pakapu ija panalibe kachilombo koti n'kugwira munthu, ngakhale pamphasa yake imene anaitentha atamwalira. Malovu sapatsira, thukuta silipatsira, ndipo udzudzu umene tinkaunamizira usiku ndi usiku sunyamula kachilomboka.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pakhomo lomwelo pankafika bambo wina wa panjinga wobaya jakisoni, singano imodzi mudzi wonse, kungoitsukuluza m'kambale. Ana akadwala, asing'anga ankatema mphini banja lonse ndi lezala limodzi, magazi a woyamba asanaume n'komwe. Zimenezo palibe ankaziopa. Ndipo njira yaikulu imene matendawa ankadzera, ya kuchipinda, akulu sitinkaitchula pamaso pa ana; tinkangoti "matenda a boma" n'kusintha nkhani.

Mnyamata uja mankhwala sanam'peze. Ma ARV aulere anayamba m'dziko muno mu 2004, ndipo pachipatala cha boma ku Karonga anafika mu 2005. Anzake ena amene tinkawayesa opita anadzuka, n'kubwereranso m'minda ya mpunga ndi kunyanja. Lero munthu akamamwa mankhwalawa mosadumphitsa mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza magazi, sapatsira ngakhale mkazi wake, ndipo ana ambiri a amayi oterewa akubadwa opanda HIV.