Peugeot ya malemu pa Kamwendo: kuidula kapena kuisiya?

Inu amene mumagulitsa mtedza, soya ndi mbatata ya kachewere ku Wakawaka kapena mu msika waukulu wa Lilongwe, Mchinji mumamudziwa ndi matumba ake. Koma kodi munayamba mwawayang'anitsitsa magalimoto amene amatulutsa matumbawo m'midzi kuwafikitsa pa tala? Kumeneko ndiye kuli nkhani, abale anga.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Mukawonjezera makilomita ena 12 mwafika pa boda ya Mwami, ndipo kutsidyako ndi ku Chipata m'dziko la Zambia. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo inadzalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, koma thumba la munthu wamba limayendabe pa matola basi. N'chifukwa chake galimoto kuno siifa msanga. Ikatopa amaiwotcherera, ikasweka amaibwereka ziwalo kwa inzake.

Ine ndinatsikira pa Kamwendo, pomwe msewu wa ku Kasungu umapatukira. Kuseri kwa magolosale, pansi pa mtengo wa mango, ndinapeza kagalaja ka madala ena amene manja awo anada kalekale ndi oyilo. Pamenepo panali Peugeot 504 saluni yoyera, yomwe ife timangoti Pijo, itakhazikidwa pa njerwa. Pambali pake anyamata awiri apachibale anali atakwezetsana mawu.

Galimotoyo inali ya malemu bambo awo, amene anabwera nayo kuchokera ku Kitwe atapuma ntchito ya m'migodi. Wamng'ono amachita geni ya mtedza, ndipo ndalama ya matola ikumudyera phindu lonse. Iye amafuna denga lidulidwe kuseri kwa mpando wa dalaivala, kumbuyo kukhale bodi ya pikapu, n'kuikamo injini ya dizilo ya Toyota.

"Achimwene, ana anga sangadye chikumbutso," anatero iye. Wamkulu anangoti pamene iye ali moyo palibe amene ayatse moto wa gasi pa galimoto ya bambo ake.

Musafulumire kuseka, amangwetu, poganiza kuti akulimbirana chiphakasa. Galimoto imeneyi ili ndi mbiri. Peugeot 504 inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chaka ku Ulaya. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo Safari Rally ku Kenya, mpikisano wa liwiro wa makilomita oposa 5,000 m'matope ndi m'fumbi. Mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambananso ndi 504 ya zitseko ziwiri. Mkulu wake, 404, anali atatenga kale chikhocho mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Ku France atasiya kuipanga, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka kudutsa chaka cha 2000. Tsono Pijo inadziwika chifukwa cholimba pa misewu yonga ya ku Mkanda ndi ku Kapiri nthawi ya dzinja.

Madala a galajawo anawasiya anyamatawo akangane mpaka kutopa. Kenaka anapukuta manja, n'kuwagawira nkhaniyo patatu, ine ndikumvera.

Choyamba, anati pali zinthu zomwe zimatha ngati sopo: matayala, mabuleki ndi mapaipi ake, mashoko, mawaya amagetsi ndi ladiyeta. Izi sinthani mosadandaula, ngakhale malemu akanasintha. Mukhozanso kumanga chitsulo chophwatalala kunsi kwa injini kuti miyala isaboole, monga amachitira a mipikisano aja. Zonsezi n'zomanga ndi bawuti. Tsiku lomwe mwasintha maganizo, sipanala yomweyo imamasula.

Chachiwiri ndi injini. Apa anati khalani pansi kaye muwerengere. Injini ya dizilo imalemera kuposa ya petulo, ndiye kutsogolo kumatsika ndipo chiwongolero chimauma. Miyendo ya injini iyenera kuwotchereredwa mwatsopano. Komanso mu 504 saluni shafiti imayenda m'kati mwa chipaipi cholumikiza giyabokosi ndi difu, choncho giyabokosi yachilendo siingolowa ngati phazi mu patapata. Pamwamba pa izo pali mapepala. Nambala ya injini inalembedwa mu bulubuku, ndipo mukasintha injini muyenera kukalembetsa ku Road Traffic. Mukazemba, mavuto adzakupezani pa COF kapena pa boda pomwe amafananiza manambala ndi mapepala. Chiyambire 2022 pomwe apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, maofesala a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi. Mukanamiza uyu, winayo ali pompo.

Chachitatu, kudula denga, madalawo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Anatiitana tonse kuti tisuzumire kunsi. Zoonadi, saluni ilibe chasisi chapadera ngati lole. Denga, mizati ya zitseko ndi pansi ndizo zimagwirana kukhala msana wa galimoto. Mukadula denga mwathyola msana. Pikapu yeniyeni ya 504 inapangidwa mosiyana ku fakitale, kumbuyo kwake kuli masipuling'i ophwatalala osanjikiza, pomwe saluni ili ndi ozungulira ofewa, oti anthu asanu akhale mwawofuwofu.

"Mwana wanga, werenga wekha," anatero madalawo kwa wamng'ono uja. "Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi. Kumeneko kuli ngati kukweza anthu akuluakulu 15 pa malo a anthu atatu. Masipuling'i ungawonjezere, inde, galimoto n'kuoneka yoima bwino. Nanga mabuleki awonjezera ndani?"

Funso limeneli likukhudzanso inu, amayi ndi abambo a geni. Si inu kodi amene mumakhala pamwamba pa matumba, chikwama cha ndalama chili m'chiuno, mwana kumsana? Pikapu yodulidwa imakhala yopakidwa penti yonyezimira, koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pomwe anawotcherera ndi pomwe pamadzang'ambika galimoto ikagwa m'dzenje itasenza. Ikalephera kuima pa mtsetse, mpamba ndi moyo zimapita limodzi.

Palinso nkhani ya mtengo. Okonda magalimoto akale, kaya ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Ulaya, amafuna yomwe thupi lake ndi lathunthu ndipo injini ndi yobadwa nayo. Yodulidwa amaiona ngati zitsulo zogulitsa pa sikelo. Ndiye wodula amataya kawiri: sapeza pikapu yeniyeni, komanso saluni ija yapita.

Dzuwa likupendeka, anyamatawo anagwirizana zokonza mabuleki, mashoko ndi mawaya, injini n'kungoipukusa osaichotsa. Wamkulu analola kuti galimoto isamangogona pa njerwa, koma izibwerekedwa pa maukwati ndi zinkhoswe zomwe zimachuluka anthu akagulitsa fodya ndi mtedza, ndipo ndalama yake izisungidwa kuti mng'ono wake adzagulire pikapu yeniyeni. Wamng'onoyo sanasangalale kwenikweni, poti chaka chino alipirabe matola. Komabe anagwirana chanza madalawo akuona.

Kwa inu amene mwasunga kangachepe ndipo mukufuna galimoto ya geni, malire ake ndi amenewo. Chomanga ndi bawuti sinthani. Cha injini werengerani kaye ndipo mapepala akhale m'malo. Koma chofuna moto wa gasi pa msana wa galimoto, chisiyeni. Ndipo musanakweze matumba anu pa matola alionse, musachite manyazi kuwerama n'kusuzumira kunsi. Mukaona zipsera za kuwotcherera kuseri kwa mpando wa dalaivala, dikirani ina. Mtedza suwola tsiku limodzi.